Kukaona manda a Yesu kuchokera ku Harare: sankhani tsiku ndi ola

Ndege yochoka ku Harare kulunjika ku Tel Aviv kulibe. Ambiri timakwera Ethiopian Airlines n'kukasinthira ku Addis Ababa. Mukafika, pasipoti sadinda. Amakupatsani kakhadi kabuluu, ndipo musakataye, chifukwa kuhotelo ndi pa chipata cha asilikali cholowera ku Bethlehem angakufunseni.

Chimene chimasokoneza magulu a mipingo kwambiri ndi Sabata la Ayuda. Kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka dzuwa litalowa, sitima ndi mabasi ambiri a ku Jerusalem amaima, masitolo a Ayuda atseka. Abusa okonza ulendo, Loweruka muliike ku Bethlehem, makilomita 10 okha kuchokera ku Jerusalem, komwe Sabata silitseka kanthu.

Ku Church of the Holy Sepulchre, tchalitchi cha ku Jerusalem momwe muli manda a Yesu, pitani mbandakucha. Chitseko chimatsegulidwa cha m'ma 4 kapena 5 koloko, ndipo kwa zaka mazana ambiri ntchitoyi yakhala m'manja mwa mabanja awiri a Chisilamu, lina limasunga kiyi, lina limatsegula chitseko. Mukafika 10 koloko, mabasi a alendo atakhuthula anthu, mzere wolowera m'manda umatha maola. M'katimo mumalowa anthu atatu kapena anayi basi, ndipo wansembe wa Chigiriki amakutulutsani musanamalize n'komwe Atate Wathu. Pemphero lalitali kapemphereni pamwamba m'tchalitchi momwemo, pa Golgotha. Masitepe okwerera kumeneko ndi otsetsereka, miyala yake inasalala ndi mapazi a anthu, choncho agogo agwiridwe mkono. Nsapato zatchalitchi zosongoka zija zitsale ku Mbare, valani zamphira.

Ku Bethlehem khomo la Church of the Nativity, tchalitchi cha pamalo amene amati Yesu anabadwira, ndi lalifupi, mamita 1.2, aliyense amalowa chowerama. Pansi m'phanga pali nyenyezi yasiliva ya nsonga 14. Amayi, chitenje chisachoke m'chikwama: mapewa ndi mawondo zikaonekera amakubwezani pakhomo, abambo a kabudula chimodzimodzi.

Za ubatizo mumtsinje wa Jordan, malo ndi awiri. Yardenit, kufupi ndi nyanja ya Galilee, madzi ake ndi oyera bwino. Qasr el Yahud, kufupi ndi Jericho, ndiye malo amene mipingo yakale imati Yesu anabatizidwira, koma madzi ndi amatope. Ovala mkanjo woyera avale china m'kati, nsaluyo ikanyowa imaonetsa thupi. Madziwo tungani m'botolo ngati mukufuna, koma musamwe, ndipo botololo lilowe m'sutikesi, chifukwa pa mabwalo a ndege ambiri salola zamadzi zopitirira mamililita 100 m'chikwama cham'manja.