Usipa Wanga Unathera pa Holyhead

Tauni ya Holyhead ku Wales anaikonza kuti munthu wopita ku Ireland asasochere. Sitima yapamtunda yochokera ku Chester imadutsa pa Bangor, n'kuoloka mlatho wa Britannia kulowa pachilumba cha Anglesey, ndipo njanji imakathera pafupi penipeni ndi holo yolembetsera okwera sitima yapamadzi. Ukatsika umayenda pang'ono, n'kuonetsa tikiti ndi pasipoti pakauntala, n'kupereka sutikesi. Kenako basi yapadoko imakutenga kukakusiya kusitima, chifukwa malo okochezapo ali patali, ku Salt Island, ndipo woyenda pansi saloledwa kupitako yekha. Mwana wa sitandade 3 akhoza kukwanitsa zimenezi. Ine, bambo wa ndevu zanga, ndinatsika n'kulowera kwina.

Alamu anga a ku Dublin ndiwo anandituma. Mnzathu wina anali atabwera kuchokera kumudzi ndi katundu wawo: ufa woyera makilogalamu 10, nsinjiro ndi jumbo yaikulu ya usipa wouma. Nyama ndi mkaka sindinaikemo, poti kuyambira mu 2021, Britain itatuluka mu EU, zimenezo saloleza kulowa nazo ku Ireland. Nsomba amalola, bola zisapitirire makilogalamu 20. Mukuona nokha kuti malamulo ndinawawerenga bwinobwino. Chimene sindinawerenge ndi chikwangwani chimene chinali pamutu panga.

Ndinafika m'mawa pamene sitima yanga inali yamasana, ndiye njala inandilamula. Ndinaoloka mlatho wachitsulo wa oyenda pansi umene amautcha Celtic Gateway, n'kutulukira ku Market Street, sutikesi ikundilondola pambuyo gwedegwede. Tauniyi ndi yakale zedi: tchalitchi cha St Cybi chili m'kati mwa mpanda umene anamanga Aroma. Koma m'misewu muli zii, mashopu ena otseka, ena ogulitsa kaunjika. Ndinadabwa, chifukwa doko limeneli ndi limodzi mwa madoko odutsa malole ambiri m'Britain yense. Chimene chimachitika n'chakuti msewu wa A55 umatenga malolewo n'kukawatula pageti la doko, ndipo dalaivala sagula ngakhale bazi m'tauni.

Nditadya chipisi ndinafunsa mnyamata wina kuti kudoko n'kuti. Sanandinamize. Holyhead ili ndi madoko awiri, lakale lam'kati, kumene kuli siteshoni, ndi lalikulu lakunja. Iye anandilozera lalikululo, ku Newry Beach. Nditafika kumeneko ndinaona chikhoma chamiyala chitalowa m'nyanja mpaka kutali, ndipo kuseri kwa nsonga yake kunkatulukira chisitima choyera, chachitali ngati nyumba yosanjikiza kangapo. Ine Ilala ndinakwerapo. Ndimadziwa kuti ukaona jete umayenda mpaka kumapeto kwake, sitima n'kudzakupeza pomwepo. Mutu unagwira ntchito msangamsanga, ndipo miyendo inavomereza.

Kuchokera m'tauni kukafika poyambira chikhomacho, pa Soldier's Point, ndi kamtunda ndithu. Chikhomacho pachokha n'chotalika makilomita 2.7, ndipo m'Britain monse mulibe china choposa pamenepa. Pansi pake si posalala ngati pabwalo la ndege ayi, pali zigamba ndi maenje a madzi amchere. Matayala a sutikesi ndi tipulasitiki tozungulira pa kamsomali, topangira matailosi. Mukaika makilogalamu oposa 20 pamwamba n'kumakoka pamiyala, kamsomaliko kamatentha, pulasitiki n'kufewa. Tayala lakumanzere linayamba kulira, kenako linasiya kulira chifukwa linali litachoka.

Ndili chapakati, chisitima chija chinazungulira nsonga, n'kundidutsa mwaulemu, n'kukakocheza kutsidya, cha komwe ndinachokera. Munthu wina akanaima pamenepo n'kuganiza. Koma ine ndinali ndi yankho kale. Pa Holyhead pamayenda makampani awiri, Stena Line ndi Irish Ferries, ndiye ndinangoti imeneyo ndi ya enawo, yanga ikubwera. Ndinawamvera chisoni anthu amene sanadziwe njira yachidule imene ndinaitulukira ine. Ndinasenza sutikesi paphewa, mphepo ikundikankhira chammbali, mafunde akumenya kuseri kwa khoma n'kumandiwaza malovu.

Kumapeto ndinapeza nsanja ya nyale, yamakona anayi, yopaka zoyera ndi zakuda. Kauntala panalibe, benchi panalibe. Panali mdala mmodzi wovala chijasi, mbedza ili m'madzi.

"Bambo, pepani, ya ku Dublin imaima pano?" ndinafunsa uku ndili wefuwefu.

Anandiyang'ana, anayang'ana sutikesi, anayang'ananso kumene ndachokera. Kenako anatsamiritsa ndodo yake ya mbedza pakhoma pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza ntchito yabwino kuposa kuwedza.

"Mwana wanga, khoma ili analitsiriza mu 1873. Chiyambire sindinamve kuti munthu wakwererapo ya ku Dublin. Koma dikira, mwina uyamba ndiwe."

Ndinangoti kakasi. Mdalayo, m'malo moti andiuze kuti thamanga, anayamba kundiphunzitsa, ndipo ine chifukwa cha ulemu wa kwathu ndinaima n'kumamvetsera. Anati zonse zinayamba mu 1801, Ireland italumikizidwa ndi Britain. Makalata a boma ndi aphungu ankayenera kuyenda pakati pa London ndi Dublin mwachangu, ndipo Holyhead ndiyo inali pafupi. Thomas Telford anakonza msewu wochokera ku London, umene lero ndi A5, n'kumanga mlatho wolendewera wa Menai umene unatsegulidwa mu 1826. Njanji inatsatira, mlatho wa Britannia n'kutha mu 1850. Koma nyanja ya pakati pa Wales ndi Ireland ndi yaukali, ndipo zombo za matanga zinkasowa pobisala mphepo ikatembenuka. N'chifukwa chake anagumula miyala matani pafupifupi 7 miliyoni paphiri la Holyhead, lomwe linali kumbuyo kwathuko, n'kumaikhuthulira m'nyanja kwa zaka zoposa 20. Ntchito ya khomalo ndi kuswa mafunde basi. Silinamangidwe kuti pazikwererapo anthu.

Iye mwini ankagwira ntchito kufakitale yosungunula aluminiyamu, imene inali ndi chumuni chachitali, mpaka pamene inazimitsa ng'anjo mu 2009. Magetsi ake ankachokera ku Wylfa, malo opangira magetsi a nyukiliya kumpoto kwa chilumba cha Anglesey, ndipo nakonso anatseka mu 2015. Zitatero tauni inatsala ndi doko. Nalonso linagwedezeka mu 2021, mapepala a kasitomu atabwera: eni malole ambiri a ku Ireland anayamba kukweza magalimoto awo pa sitima zopita ku France mwachindunji, m'malo modutsa m'Britain. "Pano aliyense amangodutsa," anatero mdalayo. "Iwe ndiwe woyamba kubwera kudzationa mpaka kunsonga kuno."

Apa m'pamene ndinayang'ana wotchi. Woyenda pansi amayenera kulembetsa nthawi ikadalipo, chifukwa kauntala imatsekedwa sitima isananyamuke kuti basi ithe kunyamula anthu, ndipo basi ikapita yapita. Ine ndinali ndi makilomita pafupifupi 5 oti ndibwerere, ndi sutikesi ya mwendo umodzi. Ndinaganiza zochepetsa katundu posamutsira zina m'chikwama chakumsana. Ndinagoneka sutikesi pansi, n'kutsegula zipi.

Amene munakhalako m'mbali mwa nyanja ku Britain mukuzidziwa mbalame zoyera zija, za milomo yachikasu, zimene zimalanda chipisi m'manja mwa ana. Jumbo ya usipa inali itabooka ndi kugwedezeka kuja. Mphepo inangolowa n'kumwaza. Sindikudziwa kuti zinauzana bwanji, koma kanthawi kochepa kumwamba konse kunadzaza mapiko ndi phokoso. Ndinavula jekete n'kumazikupiza, ndikukalipa m'Chichewa, poti pa nkhondo yotere Chingerezi chimathawa. Imodzi inanyamula jumbo yonse, inalephera kuuluka nayo, n'kukaigwetsera m'madzi. Mdala uja anati gwaa kugwira chipewa chake, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Atapezako mpweya anatola kausipa kamodzi pansi, anakanunkhiza, n'kukakoleka kumbedza.

Sitima yanga inandipeza ndikadali pakhoma pomwepo, ndikubwerera. Inadutsa pafupi moti ndinkaona anthu ataima pamwamba, makapu a tiyi ali m'manja. Mayi wina anandibayibitsa. Nanenso ndinabayibitsa, nanga ndikanatani?

Kukauntala mtsikana anandisinthira tikiti kuti ndikwere yausiku, nditawonjezera ndalama. Anandichenjeza kuti si ulendo uliwonse umene umatenga oyenda pansi, ndiye ndisachoke. Sanafunikire kubwereza. Ndinakhala pampando woyang'anizana ndi chitseko cha basi mpaka matako anachita dzanzi, ndipo ngakhale kuchimbudzi ndinkapita chothamanga.

Ulendo wake ndi wa maola atatu ndi mphindi zingapo. Alamu anadzandichingamira usiku womwewo, maso ali psuu ndi tulo. Tili m'galimoto ndinawafotokozera zonse, za Telford, za miyala matani 7 miliyoni, za fakitale ya aluminiyamu. Anamvetsera osandidula mpaka tinafika kunyumba. Atatsegula sutikesi anapeza ufa utanyowa mbali imodzi n'kuumbika chibuma, nsinjiro zili bwinobwino, ndi tiusipa towerengeka titakanirira m'makona.

"Alamu," anatero akutola kamodzikamodzi n'kumaika m'sosala, "mbiri ya dziko la eni mwabwera nayo yonse. Nanga ndiwo tidyera chiyani?"

Mlongo wanga anakazinga tomwe tinapulumukato ndi tomato wambiri, n'kutigawira atatuatatu. Wachinayi, amene anatsala m'poto, anapatsa mwana.