Sabata ya matope ku Valley Forge

Lolemba ndinafika kushedi 7 koloko isanakwane, n'kupeza njinga zitatu zili phwa. Papepala ntchito yanga amaitcha yoperekeza alendo, koma ola loyamba la tsiku lililonse ndimakhala makaniko: kupopa matayala, kuthira oyilo m'matcheni, kufinya mabuleki a njinga iliyonse kuti ndimve ngati akugwira. Kampani yathu ndi yaing'ono ndipo njinga zake zinatopa kalekale. Bwana ndikamuuza amangoti tidzaona chaka chamawa. Chaka chamawacho chino n'chachitatu.

Ndimagwira ntchito ku Valley Forge, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, pafupifupi makilomita 30 kuchokera mumzinda wa Philadelphia. Pamalo amenewa ndi pamene asilikali a George Washington, okwana pafupifupi 12,000, anamanga msasa kuyambira pa 19 December 1777 mpaka pa 19 June 1778, pa nkhondo yofuna kudzilamulira kuchoka m'manja mwa Britain. Lero ndi paki yaikulu maekala pafupifupi 3,500, ndipo kulowa n'kwaulere. Alendo ambiri amangozungulira pagalimoto, kutsitsa windo, kujambula, n'kupita kukagula zinthu kumsika waukulu wa King of Prussia umene uli pafupi pomwepa. Anga ndi aja amene avomera kutuluka thukuta.

Gulu la Lolemba linali la anthu opuma pantchito ochokera ku Ohio, mabanja anayi. Tisanapalase n'komwe, bambo wina wovala chipewa cha asilikali opuma anandifunsa funso limene ndimalimva sabata iliyonse: "Ndiye nkhondoyo inachitikira mbali iti?" Ndinawayankha kuti pano magulu awiriwo sanamenyanepo nkhondo m'miyezi yonse isanu ndi umodzi ija. Washington anali atagonja ku Brandywine mu September 1777, Angerezi motsogozedwa ndi William Howe n'kulanda Philadelphia, ndipo atayesanso ku Germantown mu October sizinamuyendere. Anabwera kuno kudzadikira kuti nyengo yozizira ithe. Nkhope za alendo zimagwa ndikanena zimenezi, ngati munthu walipira kanema n'kupeza kuti mulibe ndewu. Sindiwatonthoza. Ndimangoti kwerani, miyendo yanu ikuuzani zotsalazo.

Ndipo imawauzadi. Kanjira kathu ndi ka phula, kotchedwa Joseph Plumb Martin Trail potengera dzina la msilikali wamba amene anafika kuno ndi gululo, ndipo kuzungulira kamodzi ndi makilomita ngati 8. Ukachoka pamalo olandirira alendo umayamba kukwera pang'onopang'ono. Uli pagalimoto sungadziwe kuti pali chitunda. Uli panjinga, ntchafu zimayamba kulankhula, ndipo ukafika pamwamba n'kuima, dziko lonse la mbali ya ku Philadelphia limaoneka pansi pako. Kumbuyo kuli mtsinje wa Schuylkill, chakumadzulo kuli mapiri a Mount Joy ndi Mount Misery ndi kamtsinje ka Valley Creek pakati pawo. Bambo wa chipewa uja anaima akupumira m'mwamba, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako anati, "Aa, ndaona. Aliyense wobwera kuno amayenera kukwera chitundachi akuwomberedwa." Ndikanalongosola kwa theka la ola, koma chitunda chinandigwirira ntchito.

Lachiwiri kunabwera ana asukulu, ndipo amenewa timayenda nawo wapansi. Pa timanyumba ta mitengo ta gulu la asilikali limene mkulu wake anali Muhlenberg, timene anatimanganso motengera takale, ndili ndi kachitidwe kanga. M'chikwama ndimayenda ndi chingwe chimene ndinachiyeza kale. Ndimachiyala pa udzu, mafiti 14 mbali ina, 16 mbali inayo, monga mmene lamulo la Washington linanenera, kenako ndimaitana ana 12 kuti alowe m'katimo. Poyamba amaseka. Ndikawauza kuti gonani pansi nonse, kuseka kumasanduka kukankhana, wina akudandaula kuti phazi la mnzake lili pakhutu pake. Apo m'pamene ndimawakumbutsa kuti aja anali amuna akuluakulu, ndi mfuti zawo, ndi zovala zonyowa, ndi moto wa nkhuni zaziwisi kumapeto kwa chipindacho. Aliyense amene anaphikirapo nkhuni zaziwisi m'khitchini yopanda windo akudziwa zimene utsi umachita ndi maso. Ana a kuno sadziwa, ndiye ndimachita kuwafotokozera.

Kamnyamata kena kanafunsa kuti ankadya chiyani. Ndinati masiku oipa ankadya chimene ankachitcha firecake: ufa wa tirigu wokandidwa ndi madzi, n'kuuwotcha pamwala kapena paphulusa. Tingoti chikondamoyo chimene achichotsa shuga, soda ndi chikondi chomwe. Kunja kupserera, m'kati kuli kwakuwisi. Aphunzitsi awo analemba zimenezi m'kabuku, ana n'kuyamba kufunsa ngati basi ili ndi Wi-Fi.

Lachitatu ndi limene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi tsiku limene ndinatsutsana ndi mlendo. Mvula inayamba usiku, ya mawawa, yosaleka. Onse amene analembetsa anaimba foni kuti sabwera, kupatula mkulu mmodzi wa zaka za m'ma 70, amene anati wayenda ulendo wautali ndipo sabwerera. Njinga tinazisiya, tinavala majekete a mvula, n'kuyamba wapansi.

Titafika pa chipata chachikulu cha miyala, National Memorial Arch, chimene anachitsegulira mu 1917, mkuluyo anavula chipewa mvula ikumugwa m'mutu, n'kuwerenga mawu a Washington amene anazokotedwa pamenepo, otamanda kupirira kwa asilikali amene anali ausiwa ndi anjala. Kenako anandiuza kuti kunyumba kwake, pabalaza, ali ndi chithunzi cha Washington atagwada m'chipale chofewa akupemphera, hatchi yake ili pambali. Anati wabwera kudzaona malo amene anthu anafa ndi kuzizira.

Ndinayamba ndameza malovu. Munthu wamkulu sumutsutsa mwachisawawa, makamaka pa nkhani ya dziko lake iwe uli mlendo. Koma ndimalipidwa kuti ndinene zoona. Ndinati, "Bambo, kuzizira kunalipo, ndipo ambiri analibe nsapato kapena bulangete. Koma chaka chimenecho sichinali choopsa kwambiri. Chisanu chenicheni anakachiona pamsasa wina ku Morristown, m'chigawo cha New Jersey, zaka ziwiri pambuyo pake, ndipo kumeneko anafa ochepa kusiyana ndi kuno." Ndinawalozera pansi, pamene nsapato zathu zinali zitamira. Chimene chinavutitsa msasa uno ndi ichi: lero kuuma gwa ndi chisanu, mawa kusungunuka, mkuja mvula. Misewu inasanduka phala. Ngolo zinali zochepa, oyendetsa ngolo anali ochepa, mahatchi ankafa ndi njala n'kuwolera pomwepo. Chakudya m'dzikomo chinalipo ndithu, Pennsylvania ndi dera la alimi, koma mlimi akasankha pakati pa ndalama zapepala za boma latsopano, zimene zinkatsika mphamvu tsiku ndi tsiku, ndi ndalama zachitsulo za Angerezi ku Philadelphia, ena ankalowera kwa Angerezi. Ndani sangamvetse?

Anthu pafupifupi 2,000 anafera pamsasawu ndi m'zipatala zozungulira, ndipo anawapha ndi matenda: kamwazi, taifodi, chimfine choopsa, ndi malungo ofalitsidwa ndi nsabwe otchedwa typhus. Ambiri anafa mu March, April ndi May, kunja kutayamba kale kufunda. Anthu masauzande pamalo amodzi, zimbudzi zosakumbidwa bwino, madzi akumwa omwewo.

Mkuluyo sanakondwe. Anati ndikuchepetsa ngwazi zawo. Ine ndinati ayi, kufa ndi kamwazi uli kutali ndi kwanu, ukudziwa kuti ukhoza kungothawa usiku ngati mmene ena ankathawira, koma n'kukhalabe, si chinthu chaching'ono. Chimangovuta kuchijambula n'kuchipachika pabalaza. Tinayenda chete mtunda wautali. Pafupi ndi tchalitchi cha Washington Memorial Chapel ndinawatengera pa chipilala chimene chili pafupi ndi manda a John Waterman wa ku Rhode Island, manda okhawo pamsasa wonsewu amene mwini wake amadziwika. Ndinawapempha kuti awerenge tsiku limene anamwalira. Anawerenga: 23 April 1778. Anayang'ana mitengo imene inali itaphuka kale masamba, sananene kanthu. Posiyana anandigwira chanza mwamphamvu, koma tipi sanandipatse, ndipo sindikudziwa kuti nditanthauzire bwanji.

Lachinayi silinali ndi nkhani. Tayala la mayi wina linaphwa pafupi ndi Artillery Park, pamene Henry Knox, mkulu woyang'anira mizinga ya Washington, anasonkhanitsa mizinga pakatikati pa msasa kuti ithamangitsidwe mbali iliyonse imene adani angatulukire. Ndinasintha chubu alendo akujambulana ndi mizingayo. Madzulo posamba ndinapeza nkhupakupa kuseri kwa bondo. Kuno agwape ndi ambiri, nkhupakupa za kuno zimafalitsa matenda a Lyme, ndiye ndimauza alendo kuti asalowe mu udzu wautali. Ine mwini ndinaiwala pofunafuna kanati kamene kanagwa.

Lachisanu ndinali ndi achinyamata asanu ochokera ku Germany, opalasa ngati akuthawa ngongole. Ndinawapeza akundidikira pa chiboliboli cha Friedrich von Steuben, chimene chimayang'ana dambo lalikulu la Grand Parade. Mwa anthu onse a m'nkhani ya Valley Forge, uyu ndi amene ndimamukonda, ndipo chifukwa chake sindibisa. Anafika pa 23 February 1778, msilikali wakale wa ku Prussia wopanda ntchito, Chingerezi osachidziwa. Anapeza kuti gulu lililonse limaguba mwakemwake, ndipo ena mpeni wa kumfuti ankausandutsa chowotchera nyama. Anasankha amuna pafupifupi 100, n'kumawaphunzitsa yekha m'matopemo, chinthu chimene akuluakulu a asilikali nthawi imeneyo ankachiona ngati chonyozeka, kenako amenewo n'kukaphunzitsa anzawo. Malangizo ankalemba usiku m'Chifalansa, ena n'kumasulira. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti akapsa mtima ankatukwana m'Chijeremani ndi m'Chifalansa, mawu akamuthera n'kuitana womuthandiza wake, Benjamin Walker, kuti amutukwanire m'Chingerezi. Analamulanso kuti zimbudzi zikhale mbali ina ya msasa, makhitchini mbali inayo. Pa zonse zimene anachita, ine ndimaona kuti chimenechi sichitamandidwa mokwanira.

Inenso ndimaima pamaso pa anthu tsiku lililonse n'kumawauza mbiri ya dziko lawo m'chinenero chimene sindinayamwe. Alipo amene amati akamva kalankhulidwe kanga amayamba afunsa kuti kwanu n'kuti, asanafunse za Washington. Kale zinkandiwawa. Masiku ano ndimangowalozera chibolibolicho.

Pa dambo lomwelo, pa 6 May 1778, asilikali anachita perete yokondwerera pangano la mgwirizano ndi France, akuwomba mfuti motsatizana kuchokera kumapeto kwa mzere mpaka kumapeto ena. Nthawiyo Nathanael Greene anali atatenga udindo woona za katundu ndi ngolo kuyambira mu March, ndipo chakudya chinali chitayamba kufika. Achinyamata aja anamvetsera, n'kufunsa ngati angawoloke mlatho wa Sullivan's Bridge kukalowa njira ya m'mbali mwa Schuylkill imene imakafika mpaka ku Philadelphia. Ndinati njinga zathu sizingakafike, ndipo sindinaname.

Loweruka kunabwera banja la kwathu, Amalawi okhala ku Delaware, amene anamva za ine kutchalitchi. Kwa nthawi yoyamba chaka chino ndinaperekeza alendo m'Chichewa, ndipo ndinadzidabwa ndikusakasaka mawu a zinthu zimene ndimazinena tsiku lililonse. Tinatsetsereka mpaka ku nyumba ya miyala ya Isaac Potts, pafupi ndi pamene Valley Creek imathira mu Schuylkill. M'menemo ndi mmene Washington ankakhala ndi kugwirira ntchito, ndipo mkazi wake Martha anamupeza momwemo mu February. Ndi kanyumba kochepa, masitepe ake opapatiza, moti umadabwa kuti akuluakulu onse aja ankapatukirana bwanji.

Mwana wawo wamkazi, wa zaka 11, anaima pakhomo la khitchini n'kundifunsa kuti, "Ankolo, ankaphika ndani?" Alendo ambiri safunsa funso limeneli. Ndinamuuza za Hannah Till ndi mwamuna wake Isaac, anthu akuda amene anali akapolo ndipo ankaphika m'khitchini imeneyi, n'kudzapeza ufulu wawo chakumapeto kwa 1778. Ndinamuuzanso za William Lee, kapolo wa Washington amene ankamutumikira pa nkhondo yonse, koma ufulu wake anaulandira Washington atamwalira mu 1799. Ndinati panalinso asilikali akuda pamsasawu, ndipo pobwerera tidutsa pa chipilala chawo chimene anachiimika mu 1993 m'mbali mwa msewu wa Route 23.

Kamtsikanako kanakhala kaye chete, kenako kanati, "Ndiye ankamenyera ufulu, koma wophika wawo analibe ufulu?" Bambo ake anati, "Iwe, usavutitse ankolo ndi mafunso." Ndinati, "Musiyeni achimwene, wafunsa bwino." Yankho lokwanira ndinalibe, ndinangoti inde, zinali choncho.

Kuchokera pamenepo njira yobwerera ndi yokwera. Mayi ake anatsika n'kuyamba kukankha, bambo ake anayesa kulimbikira koma tcheni cha njinga yawo chinaduka, chimodzi mwa zija ndakhala ndikumuuza bwana. Ndinawapatsa yanga, ine n'kunyamula yodukayo paphewa. Kamtsikana kaja kanali katatisiya kale, ndipo tinakakapeza pachipilala chija katakhazika njinga pa udzu, kakuwerenga mawu ake ndi chala.