Chigaza chija chagwira tsopano, patatha masiku atatu

Anzanga, chagwira! Chigaza cha pulasitiki chokuta ndi hamu chimene chandisowetsa tulo sabata yonseyi chagwira, dzulo chakhala patebulo kuyambira 6 koloko madzulo mpaka anthu anayamba kuchisenda okha ndi mafoloko, popanda kachidutswa ngakhale kamodzi kotsetsereka pakokha. Ndikulemba mmamawa uno mbale ndisanatsuke nkomwe, kuopa kuti ndingaiwale mmene ndinachitira.

Nkhani yake ndi yoti mlamu wanga anakonza kaphwando ka Halloween kunyumba kwake konkuno ku Leicester ku England, ana ndi akulu omwe, ndiye anati iwe ubweretse bolodi la nyama ndi tchizi poti ndi zako zimenezo. Ndinagula chigaza cha pulasitiki, kukula kwake ngati papaya wamkulu, maganizo anga oti ndichikute ndi Parma ham, nyama ya nkhumba youmitsa ya ku Italy, chizioneka ngati mnofu, chikhale pakati zina zonse zichizungulire. Pazithunzi zimaoneka zosavuta eti.

Lachitatu ndinayesa koyamba nditachoka kuntchito. Ndinachitsuka ndi sopo, kupukuta, nkuyamba kuyala hamu kuchokera pamwamba pamutu kutsikira kumaso, mapisi athunthu mmene amachokera mupaketi. Poyamba zinakhala bwinobwino mpaka ndinajambula. Ndinangopita kukaika ketulo, pobwera ndapeza chipumi chili pamtunda, hamu yense wasonkhana pansagwada ngati sokosi yomwe lasitiki yake inatha. Paketi imodzi inapita pamenepo.

Lachinayi ndinati mwina vuto ndi pulasitiki yoterera, ndiye ndinakulunga kaye cling film, kapulasitiki kopyapyala kophimbira chakudya, monga ambiri amanenera. Film ija ndiyofunikadi paukhondo chifukwa zigaza zimenezi sanazipangire chakudya, penti wake sitikumudziwa, koma pa nkhani yogwira sinathandize, imaterera kuposa chigazacho. Ndinapaka cream cheese, tchizi wofewa wopaka, kuti akhale ngati guluu, koma ndinamutenga molunjika kuchokera mufuliji ali gwa, pomupaka amakoka film ija nkuikwinya, hamu naye amang'ambika ndikamamukanikiza pa timibulu ta tchizi. Ndinamufewetsa mu microwave, ndinapyoza muyeso, anasanduka phala, zonse zinayenderera limodzi kutsika. Usiku umenewo ndinagona mtima uli pwetepwete, mapaketi awiri ena atapita, ndipo inu mukudziwa kuti Parma sakhala wotchipa ngakhale ku Lidl kapena ku Aldi komwe ndimakonda kugula.

Chimene sindinachiganizire masiku awiri onsewo ndi hita. Kuno kumapeto kwa Okutobala kuzizira kwayamba, mawotchi amabwezedwa Lamulungu lomaliza la mweziwu ndiye ikamati 5 koloko kunja kuli bii, hita yakukhitchini imakhala yoyaka, ndipo tebulo lomwe ndimagwirirapo lili pafupi nayo. Hamu wotereyu ndi nyama ndi mchere basi, woumitsidwa kupitirira chaka, wodulidwa mopyapyala moti umaona chala chako kuseri kwake, ndiye akangomva kutentha mafuta ake amayamba kutuluka thukuta. Ine ndimalimbana ndi guluu pomwe nyamayo imadzipaka yokha mafuta kunsi.

Koma chomwe chinamasula mfundo yeniyeni ndi agogo anga aamuna ku Ntcheu, mzimu wawo uuse mumtendere. Lachisanu ndili mubasi ndinangowakumbukira ali padenga akufolera khitchini, ife tikuwaponyera mitolo ya udzu. Sankayambira pamwamba ayi. Ankayambira mmunsi kuzungulira, mzere wotsatira nkudzagona pamwamba pa woyambawo, mpaka kukatsekera pansonga. Ine ndinkayala mozondoka, pisi iliyonse yatsopano imakoka inzake kutsika nayo.

Ndiye nditafika kunyumba ndinathimitsa hita, nkuchita chonchi. Film ndinaikoka zolimba mpaka kumata mmaenje a maso ndi pakati pa mano, mfundo yake kuseri kunsi. Cream cheese ndinamusiya panja mphindi 30 zokha, afewe ngati majarini, nkumupaka ndi kuseri kwa supuni yaing'ono, mopyapyala kwambiri moti pulasitiki izionekera pang'ono. Kenako chigaza chonse mufuliji ola limodzi. Hamu ndinamudula ndi sizasi mlitali, pisi imodzi katatu, timizere ngati zala ziwiri mlifupi, ndipo ndimatulutsa mufuliji mapisi awiri okha nthawi imodzi, ena adikire komweko. Kuyambira pansagwada, kukwera masaya, kuzungulira maso, chipumi, pamwamba pamutu nkumalizira, kamzere kalikonse kakugona theka pa kanzake. Mbali ya mafuta oyera ija ndimaisiya ionekere kunja, ndiyomwe imapangitsa kuti zizioneka ngati mitsempha, apa ndiye ndinakondwa zedi. Nditamaliza ndinaphimba ndi film ina mosamanga, chinagona mufuliji usiku wonse. Loweruka mmawa nditachigwedeza, zii, osasuntha.

Maso anandivutako pang'ono koma osati kwambiri. Timipira ta tchizi wa mozzarella timabwera mmadzi, mukatiika choncho madzi aja amayenderera pamasaya nkufewetsa zonse zomwe mwavutikira. Ndinatisiya papepala lakukhitchini mpaka tiume, kuboola pang'ono ndi nsonga ya mpeni, nkulowetsa kagawo ka olivi wobiriwira uja wokhala ndi tsabola wofiira pakati. Ndinaika titafika kale kwa mlamu, osati kunyumba.

Zina zonse zinali zachizolowezi. Red Leicester ndinamudula timaungu ndi kachitsulo kodulira mabisiketi, ndipo palibe tchizi wina woyenera nyengo ino kuposa ameneyu, mtundu wake wa olenji uja umachokera ku annatto, utoto wachakudya wochokera kunjere za mtengo, suchita kuwonjezera kalikonse. Tizidutswa totsala musataye, ine ndasunga toika mu makaroni. Tchizi wa Stilton ndinamuswa ndi manja osati mpeni, mizere yake yobiriwira ija imaoneka ngati chinthu chofukulidwa pansi, ana anamuthawa koma akulu anamumaliza. Mwa njira, dzina limeneli amaloledwa kugwiritsa ntchito opanga a mmaboma atatu okha, Leicestershire, Nottinghamshire ndi Derbyshire, ndiye ife okhala kuno tili pagwero penipeni, ndikapita ku Melton Mowbray, tauni ya ku Leicestershire, sindibwerako chimanjamanja. Kabanos ndinagula mushopu ya anthu a ku Poland pa Narborough Road, timasoseji towonda touma tija, ndinatithyola kutalika ngati zala nkumata kachidutswa ka alimondi kunsonga ngati chikhadabo. Mashopu amenewo ndimawakonda chifukwa salami, soseji yaikulu youmitsa, amakudulira pomwepo mmene ukufunira, ukati mopyapyala amakumvera, ndipo maluwa a salami aja opindira pakamwa pa tambula amafuna wopyapyala. Chaka chatha pa Khirisimasi ndinapanga asanu ndi awiri, ulendo uno atatu okha, ndinaona kuti akachuluka alanda maso a anthu kuchoka pachigaza. Mmipata ndinadzaza mphesa zakuda, maolivi akuda odulidwa ngati akangaude, ndi tchizi wa Brie yemwe ndinamuthira jamu wofiira wa cranberry nkubaya kampeni pakati.

Panali banja lina la Adventist komanso mnzake wa mlamu wachisilamu, amene nkhumba sadya. Sindinafune zoti azichita kufunsa kuti ichi nchiyani ichi nchiyani, ndiye ndinawapangira bolodi lawolawo, mpeni wakenso wina, patebulo lina. Ndinaikapo bresaola, nyama ya ng'ombe youmitsa ya ku Italy, yofiira moderako, ndi biltong, nyama youmitsa ya ku South Africa, yomwe ndinaitanitsa kwa anthu a ku Joni. Kunena zoona bresaola ija mtundu wake ndiwoopsa kuposa hamu, ndinaiyang'ana kawiri.

Amayi nditawaonetsa pa WhatsApp anakhala chete kaye, kenako anati, “Mwanawe, chibade patebulo podyera anthu?” Ndinawamvetsa. Kwathu chinthu chotere sichoseweretsa, ndipo ngakhale kuno anzanga ena akutchalitchi sanabwere chifukwa cha tsikuli, sindinawakakamize ndipo sindiwaweruza. Ndinawauza amayi kuti ndi pulasitiki, ana akuno amavala zoopsa nkumayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti pa 31 Okutobala, ine changa ndi kukonza chakudya chooneka bwino. Anangoti, “Chabwino, koma upemphere musanadye.” Tinapempheradi, mlamu ndi amene anatsogolera.

Chomwe sichinandisangalatse ndi kuseri kwa mutu, hamu anandithera ndiye ndinabisa ndi mphesa, amene anaima mbali ya zenera anaona. Komanso bolodi langa lachepa, mabisiketi anachita kukhala mmbale ina.

Panopa mutu wanga uli pa nthiti. Ndikufuna chaka chamawa thupi lonse ligone patebulo, chigaza kumutu, nthiti za timitengo ta buledi zokulungidwa bresaola, mkati mwake tchizi wa Camembert wootcha kuti munthu akabaya aziyenderera. Bolodi lake lifunika lalitali ngati chitseko, mwina ndipeze thabwa ndipale ndekha. Biltong nayonso ndikufuna ndiyambe kuumitsa ndekha, ndamva kuti kabokosi ndi kafani ka kompyuta zimakwana. Amene munayesapo chigaza ndi Serrano, hamu wa ku Spain, mundiuze ngati amagwira bwino kuposa Parma, ndikumuona ngati ndi wouma pang'ono.