Mutu 9 tauchotsa, koma palibe amene anatiletsa

Lachinayi madzulo ndinaimbira foni mayi wina wachikulire kuwauza kuti mutu 9 wa buku la malemu amayi awo tauchotsa. Zaka 8 ndakhala ndikukonza mabuku pakampani yaing'ono muno mu London, koma manyazi a tsiku limenelo sindinawaonepo.

Sabatayi inayamba monga mwa masiku onse. Lolemba kuwerenga mapulufu a buku la maluwa, osindikiza achedwanso, kenako msonkhano wa bajeti umene tonse timadziwiratu mathero ake. Izo tizisiye.

Buku ndikunenali ndi la gogo wina amene pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, ali mtsikana wa zaka 19, ankamvetsera mauthenga a pawailesi a asilikali a ku Germany. Usiku wonse mahedifoni kumutu, pensulo m'manja, kulemba zilembo za Morse zisanuzisanu zosamveka mutu wake, kenako wanjinga yamoto n'kuthamangira nazo ku Bletchley Park, kumene akadaulo a Britain ankamasulira makodi a adani. Anasainira Official Secrets Act, lamulo losunga zinsinsi za boma, ndipo anasokadi pakamwa: amuna awo anamwalira akudziwa kuti mkazi wawo anali kalaliki wamba. Anadzayamba kulemba atakalamba, m'makope 6 a ana asukulu amene mwana wawo anawapeza m'katoni ya nsapato. Makopewo ndawagwira ndi manja angawa. Inki ya buluu, ndipo paliponse pamene analemba dzina la mnzawo anafufutapo n'kusiya chilembo choyamba chokha. Kope lawolawo, m'nyumba mwawomwawo, koma ankaopabe.

Mitu 8 yoyambirira ilibe vuto, poti za Bletchley zinaululika kalekale mu 1974 pamene F. W. Winterbotham anatulutsa buku lake. Pavuta ndi pamutu 9, wa 1946 ndi 1947, gogoyu atasamutsidwira ku Eastcote komwe ntchito inapitirira pansi pa dzina la GCHQ, bungwe la boma lomvetsera mauthenga achinsinsi, makutu atalozetsedwa ku Soviet Union. Masamba 14 okha. Mulibe njira yomasulira makodi ngakhale imodzi. Muli chisanu choopsa cha 1947, kusowa kwa malasha, ndi kubalalika mtima kwa mtsikana amene dzulodzuloli ankauzidwa kuti anthu a ku Russia ndi abwenzi. Kwa ine buku lonse lagona pamenepo.

Lachiwiri bwana anawerenga masamba atatu n'kunena kuti, "Izi zitipalamulitsa, chotsani."

Mantha awo ndikuwamvetsa, dziko lino lili ndi mbiri yake. Compton Mackenzie analipitsidwa mapaundi 100 mu 1933 chifukwa cha zimene analemba za ukazitape wa pankhondo yoyamba. J. C. Masterman analemba lipoti lake la ukazitape wa pankhondo yachiwiri mu 1945, koma linadzatuluka mu 1972, nalonso ku America. Gordon Welchman, mmodzi wa akadaulo a ku Bletchley, atatulutsa buku lake mu 1982 anamulanda chilolezo chogwira ntchito zachinsinsi. Ndiye pali Spycatcher, buku la kazitape wakale Peter Wright, limene boma la Margaret Thatcher linalimbana nalo mpaka kumakhoti a ku Australia n'kugonja. Pambuyo pake panabwera lamulo la 1989, lomanga kazitape pakamwa moyo wake wonse, ndipo silimva zoti munthu anaulula pofuna kuthandiza anthu. Komatu lamulo lomwelo, likafika kwa ife osindikiza, limafuna umboni woti zimene tatulutsa zawononga. Malasha a 1947 angawononge chiyani?

Lachitatu ndinalawirira ku National Archives ku Kew, kosungira zikalata zakale za boma, thiransipoti ya m'thumba mwanga. M'mafailo a m'gulu lotchedwa HW, amene GCHQ yomweyo inapereka kuti aliyense aziwerenga, ndinapeza zambiri zokhudza kusamukira ku Eastcote zili poyera. Pena ndi pena umakumana ndi kapepala kakuti tsamba lasungidwa potsatira gawo 3(4) la Public Records Act ya 1958, umangopukusa mutu n'kupitirira. Ife a ku Malawi izi si zachilendo: mafailo a Nyasaland anabisidwa ku Hanslope Park limodzi ndi a maiko ena a atsamunda mpaka boma linavomera mu 2011. Ndinajambula zimene ndinapeza, ndinabwerera kuofesi mtima uli m'malo.

Ndinapempha zinthu ziwiri. Choyamba, loya awerenge masamba 14 amenewo. Bwana akuti ndalama ya loya inadulidwa chaka chatha, ngakhale ya phwando lokhazikitsira buku ilipo. Chachiwiri, titumize mutuwo kwa mlembi wa komiti ya DSMA, amene amalangiza atolankhani ndi osindikiza mabuku pa nkhani zokhudza chitetezo cha dziko, ndipo malangizo akewo si lamulo. Yankho la bwana: "Mukufuna kuputa mavu? Komanso malo athu kwa osindikiza ndi Lachisanu, tikaphonya ndi mpaka mwezi wa mawa." Apa m'pamene ndinapsa mtima. Palibe kalata ya boma, palibe foni, palibe wapolisi pakhomo. Kale ankachita kukukokera kukhoti. Ife tangodzidula tokha lilime, kuopa chithunzithunzi chathu chomwe, n'kupulumutsa timapaundi tochepa. Ndipo foni yokauza banja anandisiyira ine.

Mayi aja anamvetsera osandidula. Nditamaliza panakhala zii kwa kanthawi, ndinkangomva wailesi ikulira chapatali m'nyumba mwawo. Kenako anati, "Musadandaule, amayi akanamvetsa. Anazolowera." Bola akanandikalipira.

Lachisanu ndinakonzanso manambala a masamba, mutu 10 n'kukhala 9. Mumlozera wa kumapeto ndinafufutamo Eastcote ndi dzanja langa. Buku linapita kwa osindikiza 4 koloko isanakwane, bwana n'kundiyamikira kuti ndine wachangu. Makope 6 aja ndawabwezera m'katoni yawo ya nsapato, ndikawapereka ndekha Loweruka.