Tinakadyera Khirisimasi ku Scotland, komwe kale inali yoletsedwa

Seshoni italengeza kuti abale athu a ku Scotland atiitana kuti tikadye nawo Khirisimasi, amayi ambiri anandifunsa funso limodzi: nanga kumunda musiyira ndani? Anafunsa zoona. Disembala kwathu kuno si mwezi woyenda. Chimanga chimakhala chikufuna khasu, feteleza wachiwiri ali pakona akudikira mvula yabwino. Ine ndinasiyira alamu anga ndi ana, ndipo mtima sunakhazikike mpaka tsiku lobwerera.

Tinali anthu 8: abusa ndi mayi busa, alembi a seshoni, mkulu wa mpingo wina, ife amayi a Mvano atatu, ndi mnyamata mmodzi wa kwaya. Mpingo wathu uli paubale ndi mpingo wina wa Church of Scotland, m'katawuni ka m'mphepete mwa nyanja kum'mwera kwa Aberdeen. Iwo anatichezera mu Julayi, chiperoni chili pakati, ife titafunda zitenje ziwiriziwiri iwo akuyenda ndi malaya a manja aafupi. Potsazikana anati nanunso mubwere mudzaone kuzizira kwenikweni.

Tinanyamukira ku Chileka, n'kudzera ku Addis Ababa. Tikudikira ndege yachiwiri abusa anatiuza kuti Akhristu ambiri a ku Ethiopia amadya Khirisimasi pa 7 Januwale. Alembi anangoti "Ayi abusa, tsiku lobadwa la munthu limakhala limodzi." Abusa anamwetulira osayankha. Sitinadziwe kuti nkhani ya ulendo wonse yayambira pamenepo.

Za kuzizira anatichenjeza, ndipo anatilandira ndi majekete ndi zipewa. Chomwe sanatichenjeze mokwanira ndi mdima. Masiku ozungulira pa 21 Disembala, dzuwa kumeneko limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, ndipo pomafika 3:30 masana limakhala litalowa. Maola a usana sakwana 7. Ndipo dzuwalo silikwera pamutu ngati kuno. Limangoyenda m'munsimunsi ngati likuchita manyazi. Tsiku loyamba ndinadya chakudya cha masana, kutsuka mbale, kusuzumira pawindo n'kuona magalimoto atayatsa nyali. Thupi linayamba kufuna bulangete, wotchi ikunena kuti nthawi ikadalipo yambiri. Mnzanga wina wa Mvano anati: "Amayi, kuno ndikanakhala mlimi ndikanafa ndi njala, ukungofika kumunda kwada."

Anatitengera ku Blantyre wa kumeneko, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Ndi kamalo kakang'ono pafupi ndi Glasgow, ndipo nyumba yomwe banja lake linkakhala m'chipinda chimodzi ikadalipo. Tinajambulitsa, tinapemphera, tinapitirira. Sindikhalitsapo chifukwa aliyense wopita kumeneko amalemba zomwezo.

Mkangano unabuka ku Edinburgh. M'munsi mwa msewu wa Princes Street amakhazikitsa msika wa Khirisimasi: timagolosale tamatabwa, nyali paliponse, chigudumu chachikulu chozunguza anthu m'mwamba, fungo la soseji ndi vinyo wotentha. Anthu anali pikitipikiti. Alembi anayendayenda manja ali kumbuyo, akuyang'ana uku ndi uku. Titabwerera m'basi anati: "Ndafunafuna Yesu pamalo ponsepa, sindinamuone. Ndaona nkhalamba ya ndevu zoyera yokha, Father Christmas. Anthu omwe anatibweretsera Uthenga mu 1876 afika potere?" Mayi busa anawagwira mkono n'kuwakumbutsa kuti kwa eni kulibe mkuwe. Koma funsolo linali litamveka, ndipo madzulo ake linafika patebulo la amene ankatisunga.

Amene anayankha anali agogo ena, mkulu wa mpingo wa kumeneko, a zaka zopitirira 80. Anaseka kaye. Kenaka anati pamene iwo anali kamtsikana, bambo awo ankapita kuntchito pa 25 Disembala monga tsiku lina lililonse, masitolo ali otsegula. Mphatso, lalanje ndi katambala m'sokosi, ankazilandira pa Chaka Chatsopano. Ndipo amene anachititsa zimenezi sanali anthu akunja, unali mpingo weniweniwo.

Tonse tinasiya kutafuna. Abusa a kumeneko anatambasula bwino. Dziko la Scotland litachoka mu ulamuliro wa Papa mu 1560, m'masiku a John Knox, mlaliki yemwe anatsogolera kusinthako, atsogoleri a mpingo anati chikondwerero chilichonse chomwe Baibulo silinalamule chichoke, Khirisimasi ili m'gulu lomwelo. Mu 1640 nyumba ya malamulo ya Scotland inathetseratu tchuthi cha nyengoyi, yomwe iwo ankaitcha Yule. Lamulolo linadzachoka, koma chizolowezi chinatsala, moti Khirisimasi inadzakhala tsiku la tchuthi la dziko lonse la Scotland mu 1958. Taganizani: nthawi imeneyo tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre kwathu, chomwe chinatha kumangidwa mu 1891, chinali chitayima zaka zoposa 60.

Alembi anafunsa ngati ndiye kuti Knox analakwitsa. Abusa athu apa ndi pomwe anabweza yankho la ku Addis Ababa lija. Anati: "Alembi, tsegulani Mateyu ndi Luka, mundionetse deti." Palibe. Umboni wakale kwambiri wa Akhristu akukumbukira kubadwa kwa Ambuye pa 25 Disembala ndi wa ku Roma, cha mu 336, ndipo Aroma anali kale ndi maphwando awo a pakati pa nyengo yozizira monga Saturnalia. Anthu a m'maiko ozizira a kumpotoko akhala akuwerengera tsiku lalifupi la chaka kuyambira kalekale. Anationetsa chithunzi cha Maeshowe, manda amiyala a pazilumba za Orkney omangidwa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Khomo lake analilunjikitsa mwanzeru kuti masiku a pakati pa chisanu, dzuwa likamalowa, kuwala kumadutsa mumpata wautali n'kukagunda khoma la m'kati. Omangawo Mose asanabadwe n'komwe ankafuna kutsimikiza kuti dzuwa libwerera.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndinawanena pamaso pa alembi. Titakhala masiku khumi mumdima umenewo, sindinathenso kunena kuti nyali za mumsika zija ndi zachabe. Munthu amene usiku wake ndi wa maola 17 akayatsa nyali n'kuitana anzake kuti adye pamodzi, sakuchita mwano. Akulimbana ndi nyengo. Nanga ife? Khirisimasi yathu imagwa nkhokwe zikuyamba kuoneka pansi, ndalama zitathera ku feteleza, koma timapha nkhuku, kuphika mpunga, kugulira ana zovala za kaunjika zatsopano. Pa mpungawo palibe vesi. Ngakhale anthu omwe sapondako kutchalitchi amaudya. Alembi anati mpunga sutchinga Yesu, koma nkhalamba ya ndevu ija imatchinga. Apo ndinavomera theka.

Chomwe chinandipweteka ine si msika ayi, ndi mabenchi. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti anthu 51 pa 100 alionse ku Scotland amati alibe chipembedzo, ndipo omwe amati ndi a Church of Scotland ndi pafupifupi 20 pa 100. Tinadutsa matchalitchi okongola amiyala omwe anagulitsidwa n'kusanduka nyumba zogona. Lamulungu loyamba tinapeza anthu ochepa, ambiri aimvi, m'nyumba yoti kwathu ikanadzaza mpaka pamawindo.

Koma pa 24 Disembala zinasintha. Madzulo kunali mapemphero a ana otchedwa Christingle. Mwana aliyense amapatsidwa lalanje loimira dziko, lomangidwa kansalu kofiira koimira mwazi wa Yesu, pamwamba atazikapo kandulo, m'mbali timitengo tinayi ta maswiti. Anazimitsa magetsi onse, tchalitchi n'kutsala ndi timalawi ta ana. Usiku cha m'ma 11:30 tinabwereranso ku mapemphero odikira pakati pa usiku, ndipo mabenchi anadzaza, ena atachokera kumowa, fungo likuchita kuwatsogolera. Abusa anawerenga chiyambi cha Yohane, paja pa kuunika kowala mumdima. Vesi limenelo ndakhala ndikulimva kuyambira ku Sande sukulu, m'Disembala wa dzuwa ndi mango. Tsiku limenelo ndi pomwe linandilowa m'mafupa. Mnyamata wathu wa kwaya anayambitsa nyimbo ya Chichewa, ife n'kulandira, azungu akuwomba m'manja mophonyaphonya.

Chikondwerero chenicheni cha Askoti ndi Hogmanay, usiku wa pa 31 Disembala, ndipo tchuthi chimafika mpaka pa 2 Januwale. Poti Khirisimasi inatsekedwa zaka mazana ambiri, chimwemwe chonse chinasamukira kumeneku. Anatitengera ku Stonehaven. Nthawi itakwana 12 koloko usiku, amuna ndi akazi anatulukira mumsewu waukulu akuzunguza pamutu mipira ya moto yomangidwa ndi waya, zitoliro za zikopa zikulira, mpaka anakaiponya m'madzi padoko. Moto umadutsa pafupi moti kutentha umakumva kumaso. Mnzanga uja anandinong'oneza kuti zikufanana ndi kudambwe, kungoti kuno alola amayi kuonerera pafupi. Alembi sanalankhule kanthu, koma foni inali m'mwamba.

Tikubwerera, agogo aja anayimitsa gulu lonse panja pa nyumba yawo, kuzizira kuli tswii. Anati mwa mwambo wawo, munthu woyamba kuponda pakhomo m'chaka chatsopano ndiye amabweretsa mwayi, ndipo woyenera ndi mwamuna wamtali wa tsitsi lakuda, atanyamula chidutswa cha malasha kuti moto usazime m'nyumbamo, mabisiketi a batala ndi botolo la kachasu wawo. Anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, maso n'kuima pa alembi. Mayi busa anabisa nkhope m'sikafu.

Alembi anatsokomola, n'kuyang'ana abusa. Abusa anayang'ana kumwamba. Kenaka alembi anati botololo anyamule wina, iwo salikhudza. Anatenga malasha kumanja, mabisiketi kumanzere, n'kugogoda katatu. Chitseko chitatseguka anavula chipewa, nati "Odi kuno!" ndipo asanaponde m'kati anayamba pemphero lalitali la Chichewa, ife tikunjenjemera kumbuyo kwawo.

Tinafika ku Chileka pa 5 Januwale mvula ikugwa. Chimanga ndinachipeza chafika m'chiuno, kupatula kachigawo ka kudambo komwe ana anaiwala kubandira.