Zikomo a ku Ulónguè, khoma la holo lawala

Mafumu athu, amayi ndi abambo, achinyamata, ife a komiti yoyang'anira holo tikuti zikomo kwambiri. Ntchito yoika magetsi kumaso kwa holo yatha, ndipo mvula yoyamba yadutsa popanda nyali ngakhale imodzi kuzima.

Amene munasonkha mametikali muli ndi ufulu wodziwa zomwe agula. Kale panali nyali 6 za halogen, iliyonse ya mawati 500. Zikayaka maola 11 zinkadya mayunitsi 33 usiku umodzi, n'chifukwa chake Credelec (magetsi olipiriratu) inkatha mwezi usanafike pakati. Pano pali nyali za LED 12: zisanu ndi zitatu za mawati 20 ndi zinayi za mawati 30, zonse pamodzi mawati 280. Zimayaka kukachita mdima n'kuzima 10 koloko usiku, ndiye zikungodya yuniti imodzi ndi kakusefukira.

Kwa amisiri a magetsi, tavula chipewa. Munakana kuti tigule nyali zoyera mbuu za 6500K (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala) ngakhale zinali zosavuta kupeza, ndipo munkanena zoona. Pa njerwa zowotcha kuwala kotero kumachititsa khoma kutuwa, komanso kumaitana ngumbi kwambiri. Za 3000K zomwe munaika, zowala mwachikasu pang'ono, zatulutsa kufiira kwa njerwa. Nyali zing'onozing'ono munaziika masentimita 40 kuchoka pakhoma, zoloza m'mwamba, moti kuwala kumakwera motsatira nsanamira ndipo mzere uliwonse wa simenti ukuoneka. Palibe yoloza kumsewu, choncho oyendetsa njinga zamoto sakuthobwa m'maso.

Ena akufunsa kuti achite chimodzimodzi kumatchalitchi ndi kusukulu. Chenjerani ndi madzi. Nyali ikhale ya IP65, kutanthauza yotetezedwa ku fumbi ndi madzi a mvula, komabe madzi kawirikawiri salowera pagalasi ayi, amalowera pomwe waya walowera. Waya azilowa chapansi, atapindika pang'ono ngati mbedza kuti madontho azigwera panja. Fotoselo, yomwe imayatsa nyali yokha kukada, isayang'anane ndi nyali, apo ayi imayesa kwacha, n'kuzimitsa, n'kuyatsanso, usiku wonse kuphethira. Musaumire ndalama ya chotchinjiriza mphenzi ndi ndodo ya kopa yokhomera pansi. Kuno ku Angónia ziphaliwali sizisewera, ndipo chimayamba kupsa ndi kabokosi ka m'kati mwa LED.

Achinyamata amene munakumba ngalande ya masentimita 60 yokwirira paipi ya waya, dothi litauma gwa mu Okutobala, Mulungu akudalitseni. Amayi amene munkabwera ndi thobwa ndi mbatatesi yophika, nanunso ntchitoyi ndi yanu.

Chatsala ndi kupukuta. Fumbi likakuta galasi kuwala kumachepa, ndiye tikupempha anthu awiri odzipereka Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Nsanza yonyowa yokwanira, koma muyambe mwazimitsa pa suwichi yaikulu. Ofuna alembetse kwa mlembi wa komiti.