Kanyimbo ka ku Scotland komwe kandigwira mtima

Abale anga a kuno ku Joni, pali kanyimbo ka vayolini kotchedwa Mrs McLeod of Raasay, ndimakamvera pa YouTube m'taxi popita ku ntchito ndipo sikanditopetsa ayi. Ndi reel, gule wothamanga wa ku Scotland, mulibe mawu, ndi zingwe zokhazokha basi, ovina amangozungulirana mpaka thukuta kamukamu. Raasay yo ndi kachilumba ka ku Scotland, pafupi ndi chilumba china chotchedwa Skye.

Kanasindikizidwa mu 1809 m'buku la nyimbo la banja la a Gow. Bambo wa banjali, Niel Gow wa ku Inver pafupi ndi Dunkeld, anali katswiri wa vayolini koma anamwalira mu 1807, ndiye anapitiliza ntchitoyo ndi mwana wake Nathaniel. Chomwe chimandisangalatsa n'choti a Gow sananene kuti apeka okha, anati kachokera ku Skye, kusonyeza kuti anthu ankakavina kale kasanalowe m'buku.

Kenako kanayenda. Ku Scotland amakonda kukaimba mu kiyi ya A, kamamveka kakuthwa bwino, uta ukudula zingwe mwamphamvu. Katawoloka kupita ku Ireland kanasanduka Miss McLeod's, Mrs uja kukhala Miss, kiyi n'kutsika kufika pa G, ndipo kumeneko amakaimbanso ndi chitoliro, kamayenda mofewa ndi timakometsero tambirimbiri. Ku America ndiye eee, anakapatsa dzina lina, Hop High Ladies, anaikamo banjo komanso mawu, moti ukamva koyamba sungadziwe kuti ndi komweko mpaka mutu wake utabwereza.

Ena amakangana kuti yeniyeni ndi ya ku Scotland yokha, zinazo n'zoononga. Ine sindivomereza zimenezo, anthu ankasamuka nako m'mutu popanda pepala, aliyense n'kukaimba ndi chida chomwe anali nacho, ndiye mumafuna kasasinthe bwanji? N'chimodzimodzi kwela yomwe inkalira m'misewu ya Johannesburg yomwe ino m'ma 1950, itafika kwathu a Daniel ndi a Donald Kachamba anaiimba mwawomwawo, ndipo palibe Mmalawi anganene kuti anaiononga.

Komabe mukandifunsa, ya ku Scotland ndiye imandifika pamtima, ili ndi mphamvu ina yake yoti mwendo umayamba wokha kugunda pansi. Muzimvere zitatuzo motsatizana, yambani ndi imeneyo, ya banjo ikhale yomaliza.